Nakumtunda ndi Mbale za Khirisimasi

Ku Kasinje kuno mukafunsa kuti kwa Dailes ndi kuti, anthu amayamba ayang'anizana kaye. Koma mungonena kuti Nakumtunda, aliyense akulozerani nyumba ya malata adzimbiri imene ili kuseri kwa mjigo. Dzinali adampatsa ndi mlamu wake Aida, mlongo wa mwamuna wake, chaka choyamba chenicheni, chifukwa mkaziyo sankatha kutsegula pakamwa osatchula kumtunda. Akamwa madzi a pamjigo, ati kumtunda timamwa ozizira otuluka pamwala, osati amchere ngati awa. Udzudzu ukamuluma, ati kumtunda udzudzu timangoumvera pa wailesi. Ngakhale tambala akalira, ati a kumtunda salira mwaulesi chonchi. Anthu adatopa naye mpaka adamzolowera.

Kumtundako ndi ku Biriwiri. Adabadwira kumeneko m'banja lolima kachewere ndi kabichi, ndipo utsikana wake wonse adauthera m'mbali mwa msewu waukulu, akuthamangira mabasi ndi ndowa ya kachewere pamutu. Mwamuna wake Cosmas adampeza pomwepo. Iye ankakwera kuchokera kuchigwa ndi mpunga panjinga kudzasinthanitsa ndi kachewere, ndipo tsiku loyamba Dailes adamuuza kuti mpunga wakewo uli ndi miyala yokwana kumangira chimbudzi. Mnyamata wina akadapsa mtima. Cosmas adangoseka, nabweranso sabata yotsatira ndi mpunga wopeta bwino, ndipo pomwe mvula inkayamba nkhani idali itafika kwa ankhoswe. Kwawo kwa Dailes mwamuna ndiye amatsata mkazi, koma Cosmas adali ndi puloti mu sikimu ya mpunga, ndipo puloti sinyamulika. Adapempha chitengwa. Akuluakulu adalola, Dailes nayenso adalola, koma adanena poyera pamaso pa ankhoswe kuti kuchigwako akukakhalako kwa kanthawi chabe.

Kanthawi kameneko kadakwana zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Kunena zoona, ntchito ya kuchigwa mkaziyo adaigwira kuposa eni ake. Nthawi yowokera mpunga, akawerama m'matope saweramuka mpaka mzere utatha, ndipo amayi obadwira momwemo amatsala kumbuyo akuwongola misana. Koma yesani kumuyamikira. Akuuzani kuti amafulumira n'cholinga choti atulukemo msanga, poti matope si malo okhalamo munthu. Mwana adabereka mmodzi yekha, Tisunge, ndipo ngakhale ameneyo ankamuuza kuyambira ali kumsana kuti kuno tikungodutsa.

Sadali mawu chabe. Chaka chachisanu ndi chiwiri cha ukwati, amake adamulozera malo kumunsi kwa mudzi wa ku Biriwiri, pafupi ndi khwawa losaphwa madzi. Dailes adaumbitsa njerwa, adawotcha uvuni, ndipo nyumbayo adaimanga m'mutu yonse: zipinda zitatu, khonde loyang'ana ku Mozambiki, khitchini yotalikirana ndi khola. Pansi sipadagwe maziko ayi. Chaka china mpunga udakokoloka, china Tisunge adali ku sekondale, china Cosmas adadwala mwendo. Cosmas mwiniwake sadatsutsepo n'kamodzi komwe. Ndi munthu wovomera chilichonse ndi pakamwa, miyendo osasuntha. Tsono uvuniwo udangoima, ndipo Khirisimasi iliyonse Dailes ankanyamula banja lake kukwera nalo ku Biriwiri, akafika asanamwe n'madzi omwe n'kutsikira kumalo ake aja. Ankazula tchire, kumata uvuni ndi dothi latsopano, kuufunditsa pepala lakuda la pulasitiki n'kulitsindira ndi miyala. Akatero mtima wake unkakhala pansi kwa chaka china.

Tsono kuno kuli kachitidwe kake. Pa Khirisimasi anthu akatuluka m'tchalitchi, mayi aliyense amapakula mbale ya zimene waphika n'kukapereka kwa anansi ake, ndipo mbaleyo sibwerera yopanda kanthu. Uikemo mpunga womwewo, uikemo mango awiri, zilibe kanthu, koma kubweza mbale yongotsuka n'kutukwana. Zaka zonsezi tsiku limeneli pakhomo pa Dailes pankakhala loko. Akabwerako ku Biriwiri, Aida ankakonda kumufunsa kuti, "Alamu, loko wanu uja amakonda chiyani, mpunga kapena nyama? Tizidziwa chomuphikira." Dailes ankangotsonya n'kulowa m'nyumba.

Zaka ziwiri zapitazo, mu Febuluwale, amake a Dailes adamwalira. Kumudzi kudatsala mng'ono wake wa Dailes, Eliness, amene sadachokeko chibadwire, ndi mwamuna wake wachikamwini ndi ana asanu ndi mmodzi. Dailes adabwerera ku maliro ndi nkhawa imene sadauze munthu. Mayi ali moyo, malo a mwana wake wopita palibe amawakhudza. Mayi akapita, malo amasungidwa ndi mapazi a mwini wake. Adatsimikiza mumtima kuti Khirisimasi imeneyo akafike molemera, akaphike m'khitchini ya amake, akafunditse uvuni wake dzuwa likuswa mtengo, kuti mudzi wonse uone kuti mwini malo adakalipo.

Adayamba kukonzekera mu Juni. Ndowa zitatu za mpunga wa kilombero wosankha adazisoka m'thumba n'kuzibisa pansi pa bedi, ndipo ngakhale mu Novembala, pamene mpunga wodya udatheratu m'nyumbamo, sadalole munthu kukhudza ulusi wake. Adanenepetsa atambala awiri. Adagula mafuta, shuga, zitenje ziwiri zatsopano, ndi pepala lakuda lokhuthala kuposa la zaka zonse. Adapangana ndi Goliati, mwini lole imene imatsika ndi kachewere n'kukwera ndi mango, kuti pa 21 Disembala awatenge onse atatu ndi katundu yemwe.

Pa 20 madzulo Cosmas adayamba kutsokomola kwake kuja kwa munthu amene ali ndi mawu.

"Amake Tisunge, madzi a ngalande yathu awaika pa 23."

Mu sikimu madzi amabwera mosinthana. Ukaphonya tsiku lako lofesera nazale umadikira sabata yathunthu, ndipo anzako akamawokera iwe umakhala ukuwaonerera.

"Ndiye mwadziwa lero?" adafunsa Dailes.

"Ndinadziwa dzana. Ndimafuna ndipeze nthawi yabwino yonenera."

"Yabwinoyo ndi ino, katundu ali pakhomo?"

"Komanso mbewu ndanyika kale. Yayamba kutupa. Siidziwa za Khirisimasi imeneyo."

Adanena kuti Dailes ndi Tisunge atsogole, iye atsatira akafesa. Zidali zomveka, ndipo mkazi wina akadakwera loleyo osacheuka. Koma Dailes ankadziwa kafesedwe ka mwamuna wake. Cosmas amafesa nazale ngati akudyetsa nkhuku, apa mulu, apo mbee, ndipo mbande zake zimatuluka zoonda ngati tsitsi. Zaka zonse nazale ya pabanjapo inkafesedwa ndi dzanja la Dailes. Adakalipa mpaka mawu kusasa, kenaka adalamula kuti katundu atsogole ndi Goliati, iwo adzanyamuke pa 24 m'mawa pa kabaza ndi minibasi, manja ali lendelende. Pofuna kuti asadzavutike ndi kanthu panjira, adakweza chilichonse: mpunga, atambala, mafuta, shuga, poto wamkulu, zitenje zatsopano, pepala lakuda, ngakhale nsapato za kutchalitchi. M'nyumba mudatsala ufa, mchere ndi mtedza wa m'chitini.

Pa 22 m'mawa Goliati pobwerera adatsitsa thumba lalikulu pakhonde. Adati Eliness watumiza kachewere. Dailes adalizungulira thumbalo modabwa, chifukwa mng'ono wakeyo ndi wouma manja kuyambira ali mwana, wopatsa munthu kabichi atayamba wachotsako masamba akunja a nkhumba zake. Thumba lathunthu, lodzaza mpaka kukamwa? Adaganiza kuti mwina maliro amufewetsa mtima. Adalikokera kuseri kwa chitseko osalimasula.

Pa 23 adafesa nazale, ndipo idafesedwa bwino. Pa 24 adatseka loko m'mamawa, atatuwo n'kuyamba ulendo wa kumsewu wa tala.

Pakati pa mudziwu ndi msewu pali mtsinje wa Namitsitsi, umene miyezi isanu ndi itatu ya chaka umakhala njira ya mbuzi. Tsikulo adaumva asanauone. Kamlatho ka mitengo kadali katapita, madzi ofiira akuthamanga ndi nthochi zozuka ndi zitsa, ndipo tsidya lino kudali khamu la anthu ovala bwino atangoti kakasi. Akabaza adali ataimika njinga zawo pansi pa mkuyu akusewera bawo. Njira ina yozungulira imadutsa m'dambo, ndipo wina amene adayesako adabwerera matope ali m'chiuno.

Dailes adakhala pa chikwama chake kuyang'ana madziwo ngati angachite manyazi n'kuphwa. Dzuwa lidakwera. Cosmas adayenda uku ndi uku, adacheza ndi akabaza, adaponyamo kamtengo kuti aone liwiro lake, kenaka adabwera kudzaima pambali pa mkazi wake.

"Komatu madzi amenewa ndi akwanu, amake Tisunge. Kuno sikunagwe n'dontho lomwe. Taonani kufiira kwake, dothi la kumtunda ili."

"Bambo a Tisunge, chokani apa."

"Ndimangonena kuti mwina akwanu akutumizirani moni."

"Ndikadakwera lole ija pano ndili kwathu. Ndani anandigwira mwendo?"

"Ine ndinati tsogolani."

Izi ndiye zidamuwawa koposa, poti zidali zoona. Adakhalabe pamenepo mpaka dzuwa litapendeka, madzi osatsika ngakhale chala chimodzi, kumapiri kukuchitabe mdima wa mvula ina. Anthu adayamba kubalalika. Pomaliza Tisunge adanyamula chikwama, ndipo Dailes adabwerera kukatsegula loko amene adamutseka m'mawa womwewo.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Pa Khirisimasi m'mawa mlimi wa mpunga adadzuka m'nyumba yopanda n'kambewu komwe ka mpunga, poti wosunga uja adakweza pa lole, wambewu adafesa dzana. Kutchalitchi adapita ndi chitenje chofwifwa cha kumunda ndi masilipasi, adakhala pa benchi lakumapeto, ndipo nyimbo zonse adaziimba ndi mkwiyo. Tisunge yekha ndiye maso adali mwaa, akuseka sewero la abusa a nkhosa limene achinyamata adakonza, mbuzi yeniyeni itawapulumuka n'kulowa kwa azimayi a kwaya. Potuluka adauza amake kuti zaka zonsezi ankangomva anzake akusimba. Dailes adamuyang'ana ndi diso loti ungonenanso.

Atafika kunyumba adalowa m'kati n'kutseka chitseko, poganiza kuti anthu aiwala kuti alipo. Sipadapite nthawi, kunja kudamveka odi. Adali Aida, mbale yovundikira ili m'manja.

"Alamu, ndamva kuti loko wapita ku tchuthi chaka chino."

"Zikomo, alamu, koma tadya kale."

"Mwadya chiyani? Utsi sunatuluke pano chiyambire m'mawa." Adaika mbaleyo pamphasa, mpunga ndi nyama ya mbuzi, n'kumapita osadikira yankho.

Pambuyo pake padabwera Salome wa kuseri kwa mjigo ndi mpunga wa nkhuku. Padabwera Lufina ndi mpunga wa nyemba, akupepesa kuti chaka chino zinthu zavuta. Padabwera ena anayi, ena a iwo anthu amene Dailes adakangana nawo za mzere wa pamjigo sabata yomweyo. Mbiri ya loko idali itazungulira mudzi, ndipo aliyense ankafuna kudzionera yekha Nakumtunda ali pakhomo pa Khirisimasi. Mbale zidakwana zisanu ndi ziwiri. Cosmas adasamba m'manja n'kuyamba kuzilawa imodzi imodzi, akupereka ndemanga ngati wamuitana ndani. Dailes sadakhudze n'imodzi yomwe. Iye ankangoona mbale zisanu ndi ziwiri zofunika kubwezedwa, m'nyumba muli ufa ndi mchere. Adanena mokweza kuti anthu a kuchigwa sadziwa kusiya munthu pamtendere.

Adatenga foni n'kukwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene foni imagwira bwino, naimbira Eliness.

"Iwe Eliness, katundu anafika yense?"

"Anafika, achemwali. Mpungawu anthu akuuyamikira kwabasi. Tambala mmodzi tapha, winayo tipha mawa."

"Mawa? Osandisungirako?"

"Nanga mtsinjewo uphwa liti?"

Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka wailesi, ana akuseka, wina akuitanitsa supuni. Dailes adatchera khutu kuti amve ngati pali amene akufunsa za iye, koma sadamve.

"Tamvera. M'katundumo muli pepala lakuda. Uwauze bambo a kwanuwo akafunditse uvuni wanga lero lomwe, mvula yakulayi. Atsindire ndi miyala ikuluikulu, osati timiyala ta chaka chatha."

Dailes adayang'ana foni kuti mwina yaduka.

"Achemwali," adatero Eliness, mawu atatsika, "ndimati ndikuuzeni mukafika, maso ndi maso. Uvuni uja kulibe."

"Wapita kuti? Uli ndi miyendo?"

"Njerwa zakunja zinali zitafumbutuka kale. Zabwinozo tinamangira mosungira kachewere. Pamalopo tinalimapo mu Ogasiti, tinakokera paipi kuchokera kukhwawa."

"Unalima pa nyumba yanga?"

"Panalibe nyumba, achemwali. Panali tchire ndi njoka, zaka khumi ndi zisanu. Amayi ali moyo ndinkangoyang'ana. Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, minda yachepa. Inu mumafika pa 21, pa 27 mwanyamuka, mukuti nazale iuma. Munthu wobwerera kwawo amatero?"

Dailes adatsegula pakamwa, koma mawu amene amatuluka okha tsiku lililonse adakana.

"Kachewere ndakutumiziraniyo ndi wa pomwepo," adapitiriza Eliness. "Ndinati gawo lanu lisasowe. Chaka chilichonse ndizitumiza."

Dailes adadula foni. Adatsika pachulupo osaona pamene akuponda. Atafika pakhonde mawu adabwerera onse nthawi imodzi. Adati akaitana amalume, akaitana mbumba yonse, Eliness akagwetsa nyumba ya kachewereyo njerwa imodzi imodzi n'kuzisanja mmene adazipezera. Adati mwana amene adamubereka kumsana iye mwini, amene adamuphunzitsa kusenza ndowa, lero wamulima ngati chiputu. Adakoka thumba lija kuchokera kuseri kwa chitseko, adati akukalitaya mu Namitsitsi kuti dothi la kumtunda litengane lokhalokha.

"Thumba lonseli?" adafunsa Cosmas, fupa lili m'manja.

"Inu musandiyankhule. Zaka khumi ndi zisanu mukungoti inde, inde, chaka cha mawa. Mukadakumba maziko, bwenzi atalima?"

Cosmas adayang'ana pansi. Apa adalibe nthabwala.

Tisunge adali pambali akutsuka mbale zija. Adafunsa mosakweza mawu, osasiya kutsuka.

"Amayi, nyumbayo mukadakhalamo ndi yani? Ababa sangasiye puloti. Ine kwathu ndi kuno."

Mawu a Eliness adamupsetsa mtima, koma awa adamulasa. Adakhala pansi pamphepete pa khonde, thumba lili pakati pa miyendo. Adadzimvera chisoni, ndipo adachitanso manyazi, chifukwa adazindikira kuti nyumba ya zipinda zitatu ija sadaganizepo n'tsiku limodzi kuti m'zipinda ziwirizo mudzagona yani. Kumtunda malo adapita, amake adapita, mpunga wake ukudyedwa ndi anthu osamufunsa. Kuno adakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri akuuza aliyense kuti ndi mlendo. Tsopano akanena kuti kwathu, aziloza kuti?

Dzuwa lidayamba kupendeka. Mbale zisanu ndi ziwiri zidali zitasanjidwa pathandala, zoyera mbee, zikuuma. Kuseri kwa mpanda kudamveka mawu a Aida.

"Alamu, mbale yanga ija ndi ya alendo. Isagone kumeneko."

"Ndamva," adayankha Dailes mokalipa. Adadandaula chapansipansi kuti munthu sangalire n'komwe mwaufulu m'mudzi uno. Adayang'ana m'nyumba ngati mungatuluke china, koma mudali ufa womwe uja, mchere ndi mtedza. Kubweza nsima yopanda ndiwo pa Khirisimasi kukadakhala nkhani ya pamjigo mpaka Pasaka. Adatenga mpeni n'kudula ulusi wa thumba.

Kachewereyo adali wamkulu bwino, wosalala, dothi lofiira lidakali m'maso mwake. Dothilo adalidziwa. Ndi lomwe ankamatira uvuni chaka ndi chaka, lomwe linkatsala m'zikhadabo zake mpaka abwerere kuchigwa. Adasenda akulira, osabisa, uku akukalipira Cosmas kuti nkhuni wabweretsazo n'zaziwisi ndiponso kuti apite kudimba akathyole tomato m'malo mongoima ngati mtengo wa magetsi. Cosmas adathamanga, mwina koyamba chikwatirireni. Tisunge adakazinga mtedza n'kusinja. Mafuta adali ku Biriwiri, poto wamkulu adali ku Biriwiri, choncho adatsuka mphika wa thobwa n'kuphikamo futali wa kachewere monga ankaphikira amake m'miyezi yozizira: kachewere afewe mpaka ayambe kusweka, kenaka tomato, nsinjiro zambiri, mchere ndi katsabola pang'ono. Kuno kachewere anthu amamudziwa ngati tchipisi cha pamsika wa Sharpevale basi. Fungo litatuluka, Cosmas adayandikira ndi supuni, ndipo adamenyedwa padzanja.

Tisunge adati akapereka mbalezo, koma amake adakana. Adati akapereka okha, kuti wina akafuna kunyoza anyoze iwo akumva. Adasanja mbale m'lichero, adasenza, n'kuyamba khomo ndi khomo ndi chitenje chofwifwa chija. Ulendo umene ankauyesa wa mphindi zochepa udatalika, chifukwa paliponse ankamukhazika pansi. Kwa Salome adamumwetsa thobwa mokakamiza. Kwa Lufina adapeza mwamuna wake ali gone pamphasa, mwendo utatupa kuyambira Okutobala, ndipo Dailes, amene amatunga naye madzi tsiku lililonse, sankadziwa. Adamukalipira Lufina chifukwa chosanena, kenaka adadzifunsa kuti akadanena kwa yani, kwa munthu wongodutsa? Kwina adavundukula mbale iye ali pomwepo, ana n'kuyamba kulimbirana, mayi wawo akufunsa kaphikidwe kake. Dailes adayankha kuti n'zosavuta, kungoti anthu a kuno safuna kuphunzira.

Kwa Aida adafika pomaliza. Adampeza atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Aida adalandira mbale, adavundukula, adanunkhiza, natapa ndi chala.

"Ii, alamu, zaka zonsezi mumatibisira zimenezi? Kachewere ameneyu ngwakuti?"

Dailes adali chiimire, lichero lopanda kanthu lili m'manja.

"Idyani bwino, alamu, musataye n'kamodzi komwe. Imeneyo ndi nyumba yanga ya zipinda zitatu."

Adamufotokozera mwachidule, za uvuni, za paipi, za Eliness. Ankayembekeza kuti Aida aseka, poti mkazi ameneyo amaseka ndi pa maliro pomwe. Koma Aida sadaseke. Adasendera kumapeto kwa mphasa n'kupukuta malo ndi dzanja.

"Ndiye khalani pansi tidyere limodzi. Munthu sadya nyumba ya mnzake mwini wake ali chiimire."

Dailes adakhala. Chimenecho chidali chakudya choyamba kulowa m'kamwa mwake tsikulo, ndipo adanena kuti mchere wachepa.

Ndi Eliness sadayankhulane mpaka nthawi yokolola. Amalume sadaitanidwe. Chibale n'fupa, ndipo atakumana pokonza manda a amawo adakalipirana theka la tsiku, theka linalo n'kusenda kachewere limodzi. Dailes adapita kukaona pamalo paja, adaima m'mphepete mwa mizere, adanena kuti atalikitsa mapando, n'kubwerako.

Disembala wotsatira Namitsitsi adali wouma, mbuzi zikudutsa. Pa 21 Goliati adaimika lole pamjigo, adatsitsa thumba la kachewere lochokera kwa Eliness, adaliza hutala. Dailes adatuluka ndi ndowa imodzi ya kilombero, osati zitatu, adaikweza, adamuuza kuti akanene kuti atambala adzigulire okha. Kenaka adabwerera pakhonde, pamene padali mtedza wosenda kale ndi mphika wa thobwa wotsuka. Madzi a pamjigo amawanenabe kuti ndi amchere, udzudzu amautukwanabe, ndipo dzina la Nakumtunda silidzamuchoka.

"Amayi, simukukwera?" adafunsa Goliati. "Malo alipo kutsogolo."

"Ndikwere? Nanga mbale za anthu alandire loko?"